Ngolo Yopanda Chikwapu

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinapatsidwa ntchito yanga yoyamba, yoyenda patsogolo pa ng'ombe ziwiri nditagwira chingwe. Kwathu kumapiri a Ntchisi, chakufupi ndi Kasakula, ng'ombe zozolowera goli sizifuna wozitsogolera. Woyendetsa ngolo amakhala pamwamba, chikwapu chili m'manja, ndipo akangochiliza m'malere ng'ombe zimadziwa chochita. Mwana amatsogolera zikakhala kuti zikuphunzira kumene. Zathu, Bulaki ndi Kapiteni, zinali zokhwima, njira ya kumsika zinkaidziwa kuposa ine. Komabe bambo anandipatsa chingwe, ndipo ndinachigwira kuyambira nyengo yozizira mpaka masika a chaka chotsatira.

Zinayamba ndi imfa ya mayi anga. Linali tsiku la msika, masanasana, nyengo yogulitsa mtedza. Bambo ankayendetsa ngolo, mayi atakhala pamwamba pa matumba, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha fumbi. Pamphambano ina, msika usanafike, panali mavenda ndi sikelo yawo pansi pa mtengo. Anthu ena anafika panjinga zamoto kudzawalanda. Anthu atayamba kukuwa ndi kutola miyala, mmodzi wa achifwambawo anatulutsa mfuti n'kuyamba kuwombera chisawawa kuti atsegule njira. Mayi sankawadziwa anthu amenewo, iwonso sankawadziwa mayi. Chipolopolo chinawapeza pansi pa phewa.

Bambo anataya matumba pansi, nathamangitsa ngolo kupita kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Iwo amene m'moyo wawo wonse chikwapu ankangoliza m'mwamba, tsiku limenelo anazimenya ng'ombe mpaka misana inang'ambika. Mayi anamalizikira panjira. Ine ndinali kusukulu, tikuimba masamu ochulukitsa ndi seveni. Achifwambawo sindinamvepo kuti anagwidwa.

Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Dowa, kuseri kwa Mvera. Nyumba yathu anaimanga ndi manja awo, njerwa anaumba okha, koma dothi limene inakhalapo linali la akuchikazi. Munda unali wa mayi. Inenso ndinali wa mbumba ya malume anga a Fanuelo, mlongo wawo wamkulu wa mayi. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ana amatsala. Titameta maliro, ankhoswe anakhala pansi, ndipo malume anayankhula mawu amene aliyense anawayamikira.

"Alamu, ife sitikuthamangitsani. Khalani, mulere mwanayu, tione mmene muyendere. Tikakolola chaka chamawa tidzakhalanso pansi."

Amayi ena anawomba m'manja. Ine ndinamva kuti bambo sapita, ndipo ndinasangalala. Mawu akuti "tione" sindinawamve. Bambo anawamva.

Patangopita masiku ochepa tinkakonza khola, iwo akumanga mitengo, ine ndikuwapatsira luzi. Mnyamata wina ankadutsa ndi ngolo kumsewu, naliza chikwapu chake monga amachitira aliyense. Nditatembenuka ndinapeza bambo ali chafufumimba m'ndowe, manja ataphimba kumutu. Anakhala choncho kwa kanthawi, kenaka anadzuka pang'onopang'ono. Chinthu choyamba chimene anachita sikunali kudzipukuta. Anayang'ana uku ndi uku, kuona ngati panali wina amene waona. Panalibe wina koma ine.

"Waona chiyani, Chifuniro?"

"Mwagwa."

"Ndapunthwa."

Ndinayang'ana pansi. Panalibe chopunthwitsa munthu. Anandikhazika pa goli, iwo nanjuta patsogolo panga, ndowe zili pachipumi.

"Tamvera. Pamudzi pano ine ndine mlendo. Mlendo akadwala mutu amamubweza kwawo, ndipo sapita ndi mwana wa eni ake. Ukufuna ndipite?"

"Ayi."

"Ndiye munthu akakufunsa za ine, uziti ali bwino. Kaya ndi malume ako, kaya ndi aphunzitsi, kaya ndi abusa. Ali bwino. Wamva?"

Ndinati ndamva. Madzulo ake anasomeka chikwapu chawo kudenga, mawa lake n'kundipatsa chingwe.

Ntchitoyo ndimaikumbukira ndi msana. Mpweya wofunda wa ng'ombe unkandiwomba m'khosi m'mamawa wozizira wa Julaye, mphepo ya m'mapiri ikundilowa m'malaya. Nthawi zina nyanga ya Bulaki inkandigunda paphewa ndikachedwa. Ndikacheuka ndinkaona zipsera pamisana pawo, mizere yotuwa imene ubweya sunamerenso. Bambo sankakwera pangolo. Ankayenda pambali, dzanja lili pa nthiti za ng'ombe, akuyankhula nazo motsitsa ngati akunyengerera mwana. Tinanyamula njerwa za anthu, nkhuni, mchenga wa kumtsinje, ndipo dzuwa la Okutobala litafika tinanyamula manyowa kupititsa kuminda. Ng'ombe zinazolowera. Tinkayenda pang'onopang'ono kuposa ngolo zonse, koma tinkafika.

Anthu sanalephere kuseka.

"A Mbewe, ng'ombezo zabwereranso sitandade wani?"

"Tikuphunzitsa dalaivala," bambo ankayankha, akundiloza ndi chibwano. Ankaseka nawo, ndipo kuseka kwawo kunkamveka ngati kwenikweni.

Koma ntchito yanga yeniyeni sinali chingwe ayi. Ine ndinali maso. Ndinkayenera kuona ngolo ina isanatiyandikire. Ndikaiona patali, ndinkapatutsa ng'ombe zathu kulowa kanjira kena, ndipo kakakhala kuti palibe, ndinkathamanga kukakumana ndi woyendetsayo.

"Achimwene, chonde musalize chikwapu. Kapiteni wathu amadzidzimuka chiyambire tsiku lija, angagwetse ngolo."

Onse ankamvetsa. Ena ankagwedeza mutu n'kunena kuti nayonso ng'ombe ili ndi mtima, inaona zoopsa. Mayi wina anafika pobweretsa madeya kuti tikampatse Kapiteni, ati apepe. Ndinaphunzira ndili mwana kuti pamudzi pathu ng'ombe inali ndi ufulu wochita mantha ndi kumveredwa chisoni. Kapiteni mwini wake analibe mantha ndi chilichonse. Ankangobzikula, akuyang'ana kutsogolo.

Si bambo okha amene anasintha. Msika unayamba kutha dzuwa likadali pamwamba. Mayi wina amene ankagulitsa zitumbuwa pamphambano paja sanabwererepo, ndipo akamapita kuchigayo ankazungulira njira ya kudambo, yotalika kawiri. Njinga yamoto ikaphulitsa utsi, anthu ankasiya kuyankhula pakati pa mawu. Anyamata anayamba kuyenda ndi zibonga, ndipo tsiku lina anamenya mlendo wogula nkhuku chifukwa choti nkhope yake inali yachilendo. Mudzi wonse unkadwala matenda amodzi, koma aliyense ankadwalira kuseri kwa nyumba yake. Akuluakulu a mpingo anabwera kwathu, anawerenga za Yobu, anapemphera mochokera pansi pa mtima. Pochoka, mmodzi anawagwira bambo paphewa nati, "Limbani mtima, ndinu mwamuna." Bambo anathokoza n'kuwaperekeza mpaka kumsewu.

M'mawa ndikadzuka ndinkawapeza atakhala kale pakhola, malaya atanyowa ndi mame, maso ofiira. Chakudya ankangochigwiragwira n'kundikankhira mbale. Lamba anaboola bowo lina, kenaka linanso. Kusukulu ndinkapita masiku opanda ulendo okha, ndipo malume anayamba kudandaula kuti mwana akujomba.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anafunsa funso loyenera. Anali mlangizi wa zaumoyo, mayi wojintcha woyenda panjinga yakapalasa, amene ankayeza ana sikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Tinkawatchula kuti a Nankhoma. Tsiku limene ngolo inafika kuchipatala ndi mayi anga, iwo analipo, ndipo ndi amene anatsuka magazi pamatabwa. Anatipeza tikumasula ng'ombe, natsamiritsa njinga pakhola.

"A Mbewe, mukugona?"

"Ngati khanda."

"Ine sindigona bwino, ndipo sanali mkazi wanga." Anatsitsa mawu. "Kuchipatala cha pa boma kuli namwino amene amacheza ndi anthu oona zoopsa ngati zimenezi. Si unyolo, si jakisoni. Kucheza basi. Ambiri amapepukidwa. Ndikhoza kukuperekezani."

Bambo anapitiriza kukulunga chingwe.

"Chitseko chake analembapo chiyani?"

A Nankhoma anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa chitseko, mayi. Anthu a kuno amapita ku boma tsiku ndi tsiku, kaya ndi za feteleza, kaya kukaona odwala. Akandiona nditakhala pabenchi imeneyo, akabwera kuno adzati a Mbewe tawapeza pamzere wa chiyani?"

"Adzanena zimene adzanene. Koma mukhala moyo."

"Ndikhala moyo kuti? Kuno kapena ku Mvera?"

Apo a Nankhoma anatembenukira kwa ine. Anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi yanga. Ankanunkhira sopo ndi mankhwala a m'zitsime.

"Iwe, bambo akowa akudya?"

"Ali bwino."

"Usiku amatani?"

"Ali bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaweramuka. "Mwamuphunzitsa bwino mwanayu," anatero, n'kukwera njinga yawo. Anabweranso kangapo miyezi yotsatira, koma bambo akangoona njinga ija patali ankalowa m'munda.

Tsiku limenelo bambo anandiwotchera mbatata, n'kundisendera okha. Anaika dzanja pamutu panga. Ndinadzimva kuti ndakula, kuti ndikugwira ntchito ya amuna. Kunena zoona, palibe mphoto ina imene ndalandira m'moyo wanga imene inandikoma ngati mbatata imeneyo.

Dzinja linadutsa. Chimanga chathu chinabereka bwino, pakuti munthu wosagona amakhala woyamba kumunda. Ndinayamba kukhulupirira kuti tapambana. Kunangotsala kututa, kenaka ankhoswe akhale pansi.

Tinkatuta chimanga cha malume. Munda wawo unali kutsidya kwa kamtsinje, ndipo njira inkatsika phiri, n'kuwoloka pamalo a matope, n'kukweranso. Panali anthu ambiri tsiku limenelo, abale ndi aganyu, amayi ndi madengu pamutu, ndiponso ngolo ina ya mnansi wathu kumbuyo kwathu. Malume anadzazitsa ngolo yathu mopitirira, pofuna kuchepetsa maulendo. Pakati pa mtsinje gudumu linatitimira. Ine ndinakoka chingwe mpaka zikhatho zinapsa. Bambo analowa m'madzi, phewa pagudumu, akuitana ng'ombe ndi mayina awo. Ngolo inkagwedezeka n'kubwerera pomwepo.

"Alamu, ng'ombe sizimva mapemphero," malume anatero, anthu n'kuseka. Anapita pangolo ya kumbuyo n'kutenga chikwapu.

"Malume, Kapiteni amadzidzimuka, musa..."

"Choka apo iwe. Ng'ombe yanji yodzidzimuka chaka chathunthu?"

Anachiliza kamodzi kokha. M'chigwa mmene muja phokosolo linabwerezedwa ndi mapiri. Bambo anadziponya m'madzi, nakwawira pansi pa ngolo, akukuwa ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Nabanda, gona pansi! Gona!"

Nabanda anali mayi anga. Ndipo ng'ombe, zitamva chikwapu chimene zinachidziwa kuyambira kale, zinadzuka ndi mphamvu n'kuitulutsa ngolo m'matope. Ndinathamanga ndi chingwe kuti zisandiponde. Titafika pamtunda ndinacheuka. Ngolo inali itachoka pamwamba pa bambo n'kuwasiya poyera, ali chafufumimba pakati pa mtsinje, manja kumutu, madzi akuwadutsa m'mbali. Mwana wina anaseka, amake n'kumutseka pakamwa. Amayi aja anatula madengu. Panalibe amene analowa m'madzi.

Malume anabwera pamene ndinaima, chikwapu chikadali m'manja. Sanali okwiya. Nkhope yawo inali ya munthu wamantha.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Ali bwino," ndinatero.

Sanandimenye. Anangoyang'ana kumtsinje, kumene bambo anali atadzuka n'kuyamba kusamba kumaso, atatifulatira tonse.

Ankhoswe sanadikirenso kuti chimanga chilowe m'nkhokwe. Pamsonkhano wake panalibe mawu aukali. Anati a Mbewe atopa, akapume kwawo pakati pa abale awo. Anati bambo athandiza kwambiri pamudzi. Azakhali ena, alongo awo a agogo anga, ndi amene ananena chimene onse ankaganiza, kuti mwana sangaleredwe ndi munthu wozungulira mutu, tsiku lina adzamutema ndi khasu akuganiza kuti ndi wachifwamba. Bambo anapatsidwa mpata woyankhula. Anayang'ana manja awo.

"Chaka chonsechi mwanayu sanagone ndi njala. Sindinamumenyepo. Munda mwauona."

Palibe amene anatsutsa, ndipo palibe chimene chinasintha. Anawasudzula mwaulemu wonse monga mwa mwambo. Ngolo ndi ng'ombe anati ndi chuma cha mwana, zitsale. Bambo anamanga bulangete ndi khasu panjinga. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndikudikira kuti andiuze china chake choti ndizichita, ntchito ina, mawu ena oti ndiziyankha. Anangoti, "Uzipita kusukulu tsopano."

Ndinapita. Malume anayendetsa ngolo ija okha, ndi chikwapu, ndipo ndi ngolo yomweyo imene inandiphunzitsa mpaka ku sekondale. Sanandimane kanthu. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, bwenzi nkhaniyi ili yosavuta kuinyamula.

Bambo ndinkakawaona patchuthi. Kwawo anawapatsa kanyumba kumapeto kwa mudzi. Kumeneko ana ankawatcha kuti "a mfuti", ndipo ena ankaphulitsa timajumbo kumbuyo kwawo kuti aone mmene agwere. Analibenso chifukwa chobisira, komanso analibe chifukwa chochirira. Anayamba kumwa kachasu. Ndikafika ankandifunsa za mayeso, za Bulaki, za mvula ya kwathu. Za mayi sitinayankhulepo ngakhale kamodzi. Anamwalira ndili folomu fili. Pamaliro anati anali malungo.

Lero ndine mphunzitsi wa sekondale pa boma la Dowa. Mkazi wanga Esinati anamwalira chaka chatha atadwala masiku ochepa. Za iye sindilemba pano. Anandisiyira mwana wamkazi, Tadala, amene wayamba kumene sukulu ya mkaka.

Pamaliro ndinalimba mtima, ndipo anthu anandiyamikira. Patapita miyezi, m'mawa wina ndinaima kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja, mawu osatuluka. Ana anadikira. Ndinadzipeza ndikuyang'ana pazenera kuti ndione ngati mphunzitsi wina wandiona. Sabata yomweyo ndinapita kuchipatala. Nakonso chitseko chonga chija chilipo, ndipo analembapo zimene bambo ankaopa. Ndinakhala pabenchi. Mkati ndinapeza mayi wodekha amene amafunsa mafunso n'kudikira yankho. Sizinandichiritse, koma ndimagona, ndipo ndimadya limodzi ndi mwana wanga.

Mawu a bambo anakwaniritsidwa. Munthu wina wa kwawo kwa Esinati, ku Chezi, anandiona pabenchipo. Loweruka lina malume ake a mkazi wanga anafika ndi azakhali awiri. Ndinawaphikira tiyi. Anayamba ndi za mvula, kenaka za mitengo ya zinthu, kenaka mkulu uja anatsokomola.

"Apongozi, tamva kuti simukupeza bwino kwenikweni. Tinaganiza kuti mwina mwanayu abwere kaye kwathu, inu mupume."

Mawu ofatsa, aulemu, omwe aja. Tadala anali pansi, akujambula ndi makala pakatoni.

"Mwamva zoona. Sindikupeza bwino, ndipo ndikulandira thandizo. Mwana sachoka," ndinatero.

Anayang'anana. Anayang'ana mipando, mabuku pashelefu, yunifolomu ya mwana pachingwe panja. Anamaliza tiyi wawo, anapemphera, n'kupita kukakwera minibasi. Sanabwerenso ndi nkhani imeneyo.

Mnzanga wa kuntchito nditamufotokozera anati ndachita chamuna, ndipo zikuonetsa kuti dziko lasintha, anthu ayamba kumvetsa za matenda a maganizo. Ndinangomwetulira. Ndikudziwa chimene alendo anga anaona m'nyumba muja. Sanaone munthu wolimba mtima. Anaona munthu wa pantchito, wodziwa kumene kuli khoti, wokhala m'nyumba imene sangamutulutsemo. Ndikanakhala mkamwini pamudzi pawo, wolima munda wa malemu, tiyi uja akanaphika ndi iwo, ndipo panjinga ndikanamanga bulangete ndine.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti bambo anafa ndi umbuli, kuti sankadziwa zoti matenda awo ali ndi dzina ndiponso mankhwala. Ndi zimene timaphunzitsidwa ku koleji, kuti anthu a kumudzi amafunika kuwaunikira. Tsopano ndikudziwa kuti panalibe chowaunikira. Tsiku lija pakhola, a Nankhoma asanamalize kuyankhula, bambo anali atamvetsa zonse. Chipolopolo chinatenga mayi anga m'kanthawi kochepa, ndipo amene anachiwombera anali alendo. Bambo anatengedwa pang'onopang'ono, masana, ndi anthu owakonda, amene anawapempherera ndi kuwayamikira. Namwino analipo, benchi inalipo, wowaperekeza analipo. Njira ya kuchipatala bambo ankaidziwa bwino lomwe. Kungoti ankadziwanso kuti malipiro ake ndine.